Chiboda Chiloze Kumwamba

Tsiku limene tinamuona koyamba Anselma m'mudzi muno, anali atagwira chiboda cha nkhumba. Osati nkhumba yamoyo ayi. Unali mwendo wouma uja timaukwirira mu mchere n'kuupachika zaka zitatu, utagona pa tebulo la kukhitchini kwa apongozi ake. Iye zigongono atazikhazika pa tebulo, manja onse awiri atafumbata m'munsi mwa chiboda, ndipo Baldomero, amene ankati amukwatire sabata yotsatirayo, akusenga nyama ndi mpeni wautali. Akazi tinali titadzazana pakhomo kuti tione mkazi wochokera kuseri kwa phiri. Tinaona kamtsikana kakafupi, ka tsitsi lakuda bii, kosaseka. Mpeni unkadutsa pafupi ndi zala zake, iye osaphethira n'komwe.

Bambo ake a Baldomero anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Uyu sagwedezeka. Umutenge." Ukwati unamangidwa pomwepo. Za kutchalitchi zinali zongomalizitsa.

Kuyambira tsiku limenelo anagwira chiboda zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Nyumba zina zonse muno zili ndi chopanira mwendo, chija cha thabwa pansi ndi mkono woimirira wa bawuti yomangira chiboda. Kwa Baldomero kunalibe. Munthu akamufunsa, ankaloza mkazi wake ndi nsonga ya mpeni n'kunena kuti chopanira chake anachitenga kutchalitchi, ndipo chimaphikanso. Amuna ankaseka. Khirisimasi iliyonse, ubatizo uliwonse, nthabwala yomweyo, amuna n'kumasekabe. Paja amuna nthabwala imodzi imawakwanira moyo wonse.

Musaganize kuti Anselma anali nkhosa. Pa nthawi yopha nkhumba, mu Januwale muja kuno kukuzizira, madzi akuluma zala, iye ndiye ankatsuka matumbo a mudzi wonse, ndipo akalawa soseji yako ankakuuza pamaso kuti mchere unaumana. Anagwira ntchito zaka makumi awiri m'nyumba yothirira mchere miyendo ya nkhumba kumunsi kwa msewu, mpaka manja ake anang'ambikang'ambika ngati khungwa la thundu. Analera mwana mmodzi wamkazi, Amparo, n'kumuphunzitsa mpaka anakhala namwino ku Sevilla. Ngakhale wansembe ankaopa pakamwa pake. Koma pa nkhani ya mwendo wa nkhumba ankangoti duu.

Ndipo chonena chinalipo, tonse tinkadya nawo nyamayo. Baldomero anali munthu wabwino, wamtali ngati chitseko cha tchalitchi, wodziwa nkhumba kuposa aliyense kuno. Koma akagwira mpeni ankakumba pakati, mwendo n'kusanduka ngati chomweramo nkhumba, zidutswa n'kumatuluka zokhuthala ngati pansi pa nsapato. Anselma anayankhulapo kamodzi kokha, tsiku la ubatizo wa Amparo. Anangoti, "Mukukumba." Baldomero anatembenuka kuti amuyankhe, mpeni n'kutsetsereka, chala chachikulu cha Anselma n'kung'ambika mpaka anakachisoka. Chipsera chilipo mpaka lero. Pamenepo anaphunzira kuti munthu amene wagwira mpeni pafupi ndi zala zako sumuphunzitsa ntchito. Ankangoyang'ana. Alendo akuseka, akumwa, iye ali chiweramire, msana ukuwawa, mafuta akuyenderera m'mikono, ndipo mbale ikamafika kwa iye imakhala yatsala zokhazokha zolimba. Zaka zonsezo mphuno yake inali pafupi ndi mpeni kuposa mphuno ya mwini mpeniyo, ndipo zonse ankaziona.

Baldomero anamwalira mu Malichi, atakhala pansi n'kutsamira mpanda wa miyala wa kumunda kwake. Anasiya nyumba, galu wokalamba, ndi mwendo umodzi wopachikika m'chipinda chapansi. Unali wa nkhumba yomaliza imene anapha, yakuda, yonenepa ndi zipatso za thundu. Itatha imeneyo msana unamukana, khola linatsala lopanda kanthu. Mchere wa mwendo umenewo anathira ndi manja ake.

Mu Okutobala Anselma anatsikira m'chipinda chija ndi kafupa kosongoka koyesera nyama, n'kubaya mwendo malo atatu, akununkhiza kafupako nthawi iliyonse. Fungo linali labwino ponseponse. Mwendo unali utafika. Kulakwa kwake kunali kumuuza Amparo pa foni.

"Ndiye akugwirirani ndani, amayi?"

Anselma anati aona.

"Simuona ayi. Makilo asanu ndi atatu, inu nokha, ndi mpeni umene simunaugwirepo chibadwire. Ine anthu otere ndimawasoka chaka chilichonse pa Khirisimasi."

Amparo anati abwera Lamlungu la sabata yamawa, autenge mwendowo apite nawo ku butchala ya ku Sevilla. Akauchotsa fupa, akausenga pa makina, n'kuutsekera m'timapaketi ta pulasitiki, kalikonse kokwana chakudya chimodzi. Amayi azingong'amba kamodzi akafuna. Mwana ankanena mwachikondi, ndipo sikuti ankanama. Koma Anselma nyama ya m'pulasitiki anailawapo paukwati wina, anati inali ngati kunyambita lamba. Ndiye mwendo womaliza wa Baldomero utuluke m'nyumba m'buti ya galimoto, ubwerere uli timapaketi makumi asanu, wopanda fupa lophikira msuzi, wopanda chiboda? Popanda chiboda ndani angadziwe kuti inali nkhumba yakuda? Anaika foni pansi n'kuwerenga masiku pa zala. Anali khumi ndi awiri.

Benita wa khomo loyandikana anadzipereka kuti amugwirira. Anselma anayang'ana manja a Benita, amene amataya theka la khofi kapu isanafike pakamwa, n'kumuthokoza. Koma ngakhale akanakhala manja olimba akanakana. Ntchito imeneyo ankaidziwa kuwawa kwake, ndipo sankafuna kuipatsa munthu wina.

Lachinayi anakwera basi ya m'mawa kupita kutauni ya Aracena. M'thumba la juzi anali ndi chingwe chimene anayezera mwendo, mfundo imodzi ya pa chiboda, ina ya kumapeto kwa ntchafu. M'sitolo ya ziwiya munali zopanira zisanu ndi chimodzi pa shelefu, ndipo anauza mayi wogulitsa kuti azitsitse zonse. Choyamba anachiyeza ndi chingwe: chachifupi, cha mwendo wakutsogolo. Chachiwiri anachikankha ndi chala chimodzi, chinatsetsereka pa kauntala mpaka wogulitsa anachita kuchiwakha. Chachitatu chinali chonyezimira, cha chitsulo, cha mutu wozungulira woti uzitembenuza mwendo osaumasula. Wogulitsa anati akatswiri onse amagwiritsa ntchito chimenecho. Anselma anachitsamira ndi dzanja monga momwe mwendo ungachilemerere, mutu uja n'kusuntha pang'ono, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

"Chikugwedera," anatero.

"Pang'ono chabe, amayi. Palibe angazione zimenezo."

Anselma anamuonetsa chala cha chipsera. "Ichi chinaona."

Chachinayi bawuti yake inali ya pulasitiki. Chachisanu chinali cha paini, chopepuka ngati buledi. Chomaliza chinali chabwinoko, koma mwendo ukanaimapo chilili ngati msilikali. Wogulitsa atatopa anafunsa kuti kunyumba alipo anthu angati. Anselma anati alipo yekha, ndi galu.

"Ndiye musavutike ndi chachikulu. Ndipo poika, chiboda chiloze pansi."

Zimenezo kuno ngakhale mwana amazidziwa. Nyumba ya anthu ambiri, chiboda chimaloza kumwamba, mumayambira mbali yonona chifukwa mwendo utha msanga. Nyumba ya pakamwa pamodzi kapena pawiri, chiboda pansi, muyambire mbali yowonda imene imafulumira kuuma, yonona ija idikire. Anselma ankazidziwa bwino lomwe. Kungoti chikwatiwire palibe anali atamuuzapo iyeyo. Anapinda chingwe chake, n'kutsanzika, n'kubwerera pa basi ya masana ali chimanjamanja.

M'mawa mwake anakwera kumtunda kwa mudzi kwa Ulpiano, kalipentala uja ankakangana ndi Baldomero pa makadi zaka zonse. Anamupeza akumata mwendo wa mpando. Anamuuza kuti akatenge benchi lophera nkhumba kuseri kwa nyumba yake. Thabwa lake ndi la thundu, lokhuthala zala zitatu, ndipo palibenso nkhumba idzagonepo. Apangepo chopanira. Ulpiano anati zopanira anapangapo zosawerengeka, miyeso ali nayo m'mutu.

"M'mutu mwanu muli utuchi. Yezani ine."

"Ndikuyezeni? Bokosi simunafike polifuna, Anselma. Inu mudzatiika tonse."

"Bweretsani tepi, musanditayitse nthawi."

Anakankhira zida pambali, n'kukhazika zigongono pa tebulo la ntchito, manja n'kufumbata mpini wa hamala monga ankafumbatira chiboda. Thupi lake linangolowa lokha m'malo mwake, ngati phazi mu nsapato yakale. Ulpiano anasiya kuseka. Anayeza kuchokera pa tebulo mpaka pa nkhonya, anayeza kutalikirana kwa zigongono, n'kujambula kupendekeka kwa mikono pa kathabwa. Uku Anselma akumuuza zimene chopanira chimachita, popeza iye anakhalapo chopanira. Kulemera kukhale pansi. Pogwira pagwire fupa, chifukwa khungu lamafuta limaterera. Mpeni ukamakoka, mwendo umafuna kutembenuka, ndiye kumapeto kwa ntchafu kukhale msomali wouletsa. Iye ankauletsa ndi dzanja lamanja, n'chifukwa chake limamupweteka kukazizira. Ndipo kunsi kwa thabwa akhomereko zidutswa za tayala.

Ulpiano akulemba anayamba kuti, "Ndipo poika, popeza tsopano muli nokha..."

"Ndauzidwa kale," anatero Anselma, n'kutuluka.

Sabata yodikira sanakhale pansi. Anatulutsa mpeni wa Baldomero m'nsalu yake, n'kuunola pa mwala mpaka unkameta ubweya wa pamkono. Kenako anayamba kusenga chilichonse chimene chinali m'nyumba: buledi wa dzana, tchizi, mbatata, mpaka sopo wochapira. Benita atalowa kudzabwereka mchere anapeza mbale yodzaza timapepala ta sopo, anatuluka n'kukatiuza kuti umasiye wamulowa m'mutu. Anselma atamva anati bola iye misala yake imanunkhira.

Lachisanu, kutatsala masiku awiri, Ulpiano anachibweretsa pa wilibala, thukuta lili kamukamu. Sichinali chokongola. Chakuda, mabala a mipeni yakale akuonekabe. Koma atachikhazika, Anselma anachikankha ndi manja onse awiri ndipo chimene chinasuntha ndi tebulo. Anatsika awiriwo kukatsitsa mwendo, n'kuupukuta nkhungu ndi nsalu ya mafuta. Ulpiano anauika chiboda chitaloza pansi, osafunsa, n'kumanga bawuti. Mwendo unakhala nganganga, pa msinkhu womwewo unkakhala m'manja mwake.

Kenako anazungulira tebulo n'kukaima mbali imene anali asanaimepo, mbali ya wosenga. Anatenga mpeni wautali n'kuugoneka pamwamba pa nyama, osadula. Phewa lake linakwera mpaka kukhutu, chigongono m'mwamba ngati nkhuku yofuna kuuluka.

"Chatalika."

Ulpiano anatulutsa kathabwa ka miyeso kaja. Anati sanaphonye ngakhale pang'ono, anayeza zimene anauzidwa, ndipo aliyense wofuna atha kudzayezanso.

Anselma anayang'ana mwendo, mpeni uli m'manja. Kalipentala sanalakwe. Zaka zonse zija mwendo ankaukweza kuti ufike bwino pa dzanja la Baldomero, mpaka manja ake anaiwala kuti kulinso msinkhu wina. Anali atakayezetsa chopanira cha malemu.

"Dulani zala zinayi," anatero. "Zala zanga, osati zanu."

Ulpiano anamasula mkono wa chopanira uja, anaudulira pakhomo pomwepo n'kuuboolanso. Ulendo wachiwiri phewa linatsika, mpeni unagona bwino. Ulpiano akukutumula utuchi anafunsa ngati mmisiri salawa. Anauzidwa kuti abwere Lolemba.

Lamlungu Amparo anafika dzuwa lili pamutu, chinsalu chokulungira mwendo chili kukhwapa, m'buti ya galimoto atayalamo kale manyuzipepala. Analowa m'khitchini n'kuima. Mwendo pa chopanira, mipeni iwiri, waufupi ndi wautali, mbale yoyera, ndipo amayi ake atavala epuloni ya bambo ake, ataipinda kawiri m'chiuno.

"Khala apo."

Amparo anakhala, koma anayamba za mitsempha ya m'dzanja ndi kutalika kwa chipatala. Amayi ake anamulola amalize. Kenako anamuuza kuti angoyang'ana basi. Akaona magazi, kapena mwendo ukagwedezeka, aunyamule apite nawo ku makina akewo, iwo sadzanenaponso kanthu.

Anselma anatenga mpeni waufupi n'kuyamba kucheka mozungulira m'munsi mwa chiboda, malo omwe aja mpeni unatsetserekera kalekale. Amparo anadzidzimuka, dzanja n'kuthamangira pa chiboda kuti agwirire. Anachita osaganiza, zigongono n'kukhala pa tebulo ndendende ngati amayi ake.

"Chotsa dzanja." Anselma sanakweze mawu. "M'nyumba muno chiboda anagwira mmodzi. Wakwana."

Amparo anachotsa, n'kukhalira manja ake.

Anselma anasenda khungu ndi mafuta achikasu aja owawa, oyera n'kuwaika pambali oti adzafundike nawo posengapo. Kenako mpeni wautali, dzanja lamanzere lili kumbuyo kwa mpeni. Chidutswa choyamba chinatuluka chokhuthala. Anachiyang'ana, anati, "Ichi n'cha bambo ako," n'kuchiika pachokha pa kambale. Chachiwiri chinang'ambika pakati. Pa chachitatu anapuma kaye, anasiya kukanikiza, n'kuulola mpeni uziyenda wokha, kutsogolo ndi kumbuyo, pang'onopang'ono. Kanatuluka kachidutswa kakafupi, kofiira, ka mizere ya mafuta, kopyapyala moti mpeni unkaonekera kunsi kwake. Mwendo sunasunthe. Anasenga mpaka mbale inadzaza, ndipo pamene anasengapo panali posalala ngati thabwa lopala.

Amparo anaika kamodzi pakamwa, kanasungunuka kokha, ndipo anatembenukira kuzenera kwa kanthawi. Atapukuta m'maso ndi pamene anachiona chiboda.

"Amayi, chaloza kumwamba."

"Maso ndili nawo."

"Uuma musanafike pakati. Muli nokha."

Anselma anati zimenezo anazimva kale kwa wogulitsa ndi kwa kalipentala. Lachisanu lonse mwendo unakhala chiboda pansi, anayesa kuuzolowera. Loweruka anaumasula n'kuutembenuza. Baldomero sanatolere nkhumba ija zipatso za thundu miyezi itatu kuti mbali yonona idzadikire mpaka Pasaka. Zoti uthe bwanji, imeneyo ndi nkhani yake. Ndipo ngati Amparo ikumudetsa nkhawa, msewu wopita ku Sevilla ndi womwewo wobwerera kuno.

Amparo ananyamuka dzuwa litapendeka, chinsalu chake chili chipindire, ndi nyama yokulunga m'pepala yokapatsa mwamuna wake. Mwendo unatsala pa tebulo, utafunda mafuta ake ndi kansalu koyera.

Lolemba m'mawa galimoto ya buledi itaimba hutala pabwalo tinatuluka monga mwa masiku onse. Anselma anabwera pomalizira, manja ali m'matumba a juzi. Benita anali ataona kale pazenera kuti Amparo anachoka wopanda katundu, ndiye anafunsa kuti anamugwirira ndani.

Anselma anatulutsa manja, n'kutambasula zala zonse khumi kuti tiwerenge.

"Palibe. Mwendo ndatsegula, chiboda chaloza kumwamba, ndiye uyenera kutha m'masabata atatu. Muzibwera dzuwa likapendeka, aliyense ndi buledi wake, vinyo ndilibe. Ndipo wina asayerekeze kuika dzanja pa chiboda."

Analandira buledi wake n'kuyamba kubwerera, koma atayenda pang'ono anatembenukanso.

"Malemu aja, Mulungu awasunge, nkhumba ankaidziwa. Koma kusenga sankatha. Ndakhala ndikufuna kumaliza mawu amenewa chiyambire ubatizo wa Amparo."